Funsani Mlangizi: Ukalamba Ukafika Pakhomo

Makalata ambiri amene afika mwezi uno achokera kwa anthu achikulire ndi kwa ana awo, ndipo ngakhale analembedwa m'maboma osiyanasiyana a chigawo chathu cha Kummawa kuno ku Zambia, nkhawa yake ndi imodzi: munthu akakula, asiye chiyani ndipo agwiritsitse chiyani? Ndasankhapo anayi. Mayina ndawachotsa monga timachitira nthawi zonse patsamba lino, ndipo makalata aatali ndawafupikitsa.

FUNSO: Ndili ndi zaka 63. Ndinayendetsa magalimoto akuluakulu ku Kitwe ndi ku Lusaka kwa zaka zoposa 30, ndipo nditapuma ndinabwerera kwathu ku Chadiza kumene ndinamanga nyumba yamalata. Ndalama zimene anandipatsa potsanzikana zinatha m'zaka ziwiri zokha. Kale abale ankandifunsa nzeru pa chilichonse, koma lero amangondipatsa moni n'kudutsa. Khasu likundikanika chifukwa cha msana ndi mawondo, usiku ndimadzuka kanayi kapena kasanu kukataya madzi, ndipo amayi akunyumba akuti ndasanduka munthu waukali. Kodi kukalamba ndi kumeneku? (Bambo wa ku Chadiza)

YANKHO: Bambo, zikomo polemba mosabisa. Ndiyambe ndi chimene mwachitchula ngati chaching'ono, chifukwa ndicho chofunika changu. Kudzuka kanayi kapena kasanu usiku si chinthu choti mwamuna azingochipirira poti wakula. Kawirikawiri chimachititsa ndi kachiwalo kotchedwa prostate, kamene kali pansi pa chikhodzodzo ndipo kamakula mwa amuna ambiri akapitirira zaka 50, n'kuyamba kupanikiza njira ya mkodzo. Nthawi zina chimachititsa ndi matenda a shuga. Zonse ziwiri zili ndi chithandizo. Pitani kuchipatala, mukafotokoze monga mwandifotokozera ine, ndipo mukapemphe kuti akuyezeni shuga ndi kuthamanga kwa magazi, kumene ambiri amangoti BP. Mbewa yamanyazi inafera kuuna. Munthu amene sagona tulo tokwanira amadzuka mtima uli m'mwamba, choncho n'kutheka kuti mbali ina ya ukali umene amayi akudandaula nawo ikuchokera pamenepa.

Tsopano funso lanu lenileni. Katswiri wina wa ku America wa maphunziro a kakulidwe ka munthu, Robert Havighurst, anaphunzitsa kuti msinkhu uliwonse uli ndi ntchito zake zoti munthu aziphunzire, monga momwe mwana amaphunzirira kuyenda ndi kulankhula. Za ukalamba anatchula kuzolowera kuchepa kwa mphamvu ndi thanzi, kuzolowera kupuma pantchito ndi kuchepa kwa ndalama, kupirira imfa ya mkazi kapena mwamuna wako, kugwirizana ndi anzako amsinkhu umodzi, kupeza udindo watsopano pakati pa anthu, ndi kukonza pokhala poyenerana ndi thupi lako. Chimene ndimakonda pa maganizo amenewa n'chakuti akuwerengera nkhalamba ngati munthu amene adakali ndi zophunzira. Inu zitatu mwa zimenezi zakugwerani nthawi imodzi, mphamvu, ndalama ndi udindo, ndiye sizodabwitsa kuti mtima walema.

Pa za udindo ndikuuzeni chinthu chowawa pang'ono. Ulemu umene munkalandira mukabwera patchuthi mutanyamula shuga, sopo ndi zitenje unali woona, koma unali ulemu wopatsa mlendo. Ulemu wa mwini mudzi umabwera mwa njira ina: kugona pamaliro mpaka kucha, kukhala pabwalo pamene amfumu akuweruza mlandu wa mbuzi zimene zadya mmera, kuyenda mtunda kukaimira ukwati wa mwana wa mlongo wanu ngati nkhoswe. Kwa zaka 30 zimenezi ankazichita ndi anzanu amene anatsala kumudzi, ndipo iwo ndiwo akudziwa malire a minda ndi chiyambi cha mikangano yakale. Musakhumudwe nazo. Khalani nawo pansi, mumve kaye kwa nyengo imodzi kapena ziwiri, musayambe nkhani iliyonse ndi mawu akuti "ku Kitwe tinkatere", ndipo mudzaona kuti pang'onopang'ono akuyamba kukuitanani.

Khasu likakana, musakakamire maekala asanu a chimanga pofuna kuonetsa kuti mudakali mwamuna. Dimba laling'ono la repu, tomato ndi anyezi, nkhuku zachikuda, mbuzi zingapo, ndi ndime ya mtedza yoti mungaisamale popanda kuthyoka msana, zimabweretsa ndiwo ndi kandalama chaka chonse. Komanso muli ndi chuma chimene simunachitchule. Munthu amene wakhala ndi injini zaka 30 amamva ndi khutu lokha kuti chigayo chikudwala pati, ndipo anyamata amene akuyendetsa njinga zamoto m'misewu yathu masiku ano ambiri alibe wowaphunzitsa kusamala makina. Itanani mmodzi kapena awiri, manja akhale awo, nzeru ikhale yanu.

Pa za ndalama, simunanene ngati mukulandira kanthu mwezi ndi mwezi. Bungwe la NAPSA, losunga penshoni za ogwira ntchito, linayamba kugwira ntchito m'chaka cha 2000, ndipo munthu amene zopereka zake zinakwana miyezi 180, ndiko kuti zaka 15, amayenera penshoni ya mwezi uliwonse akafika msinkhu wopuma, pamene amene sanakwanitse amalandira ndalama kamodzi kokha. Tengani chitupa chanu ndi mapepala a kuntchito, mupite ku ofesi yawo ku Chipata mukafunse kuti mbiri yanu ikuonetsa chiyani. Apa ndipatukeko ndilankhule ndi owerenga amene adakali pantchito: kuyambira 2023 lamulo likulola kutapako magawo 20 pa 100 a zopereka zanu musanapume, koma kumbukirani kuti mukutapa munkhokwe imene mudzadyemo mawondo atakana.

Chotsala ndi amayi. Nawonso akuphunzira. Kwa zaka zambiri ankayendetsa pakhomo okha inu muli pamsewu, ndipo lero ali ndi mwamuna amene akhala pakhonde tsiku lonse n'kumafunsa kuti mchere wathera chiyani. Asiyireni zimene akhala akuzichita bwino, ndipo muwauze zimene mwandiuza inezi, makamaka za mantha a ndalama, chifukwa mwina iwo akungoona ukali osaona chimene chili pansi pake.

FUNSO: Ndili ndi zaka 72 ndipo ndakhala pachikamwini m'mudzi wina ku Katete kuyambira 1978. Akazi anga anamwalira chaka chatha titangokolola. Mwambo wosudzula unayenda bwino ndipo palibe amene wandithamangitsa, koma alamu anga ayamba kunena kuti munda umene tinkalima ndi wa mbumba yawo. Ana anga aakazi awiri ali pamudzi pomwepo ndipo akuti ndisachoke. Ana a mlongo wanga akuti ndibwerere kwathu ku Sinda, koma anzanga onse kumeneko anatha. Nsima sindikuimva kukoma, ndipo usiku ndimapezeka ndikulankhula ndi munthu amene palibe. Ndipite kapena ndikhale? (Agogo a ku Katete)

YANKHO: Pepani kwambiri, agogo. Munthu amene mwadya naye mbale imodzi zaka zoposa 40 sachoka mumtima chifukwa chakuti mwambo wachitika, ndipo kulankhula naye usiku si misala, amasiye ambiri amatero. Langizo langa loyamba n'lakuti musasamuke misozi isanaume, chifukwa chosankha chopangidwa ndi chisoni kawirikawiri munthu amadzachilira.

Za munda tinene zoona: alamu anu sakunama. Pa mwambo wathu wa Achewa nthaka imatsata mbumba, ndipo mkamwini amalima chifukwa cha mkazi wake. Koma mbumba imene akunenayo ndi ana anu aakazi omwewo. Choncho nkhaniyi isakhale yolimbirana munda pakati pa inu ndi alamu anu. Pemphani kuti pakhale msonkhano wa ankhoswe a mbali zonse ziwiri, mwini mbumba ndi amfumu, ndipo munene nokha pamaso pawo kuti mundawo mukuupereka m'manja mwa ana anu, koma mukupempha nyumba imene munamanga ndi ndime yaing'ono kuti zikhale zanu moyo wanu wonse. Munthu amene wapereka yekha amasunga ulemu wake, ndipo mawu onenedwa pabwalo savuta kuwakumbutsa mawa. Ngati pali wodziwa kulemba, zimene mwagwirizanazo zilembedwe ndipo amfumu asunge pepala limodzi.

Dziwaninso mbali ya lamulo la boma. Lamulo la 1989 lonena za chuma cha munthu womwalira osasiya wilo limagawa motere: magawo 20 pa 100 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 50 kwa ana, 20 kwa makolo a womwalirayo, ndi 10 kwa ena amene womwalirayo ankawasunga. Lamuloli silikhudza nthaka ya mafumu, ndiye pa munda silingakuthandizeni, koma pa katundu wina wa malemu, monga ziweto ndi ndalama, muli ndi gawo lanu ndipo palibe woyenera kukulandani. Ndipo popeza mwaona mmene imfa imadzutsira mikangano, konzani zanu mudakali ndi mutu wabwino. Wilo imalembedwa, mwiniwake n'kusaina pamaso pa mboni ziwiri, ndipo mbonizo zisakhale anthu amene adzalandirepo kanthu. Ng'ombe, ngolo ndi njinga zanu munene lero kuti zidzapita kwa yani, kuti ana anu ndi ana a mlongo wanu asadzayang'anizane ndi maso ofiira pamaliro anu. Nkhanga zinapangana kusanapse.

Mwandifunsa kuti mupite kapena mukhale, ndipo sindikuzembani: maganizo anga ndi akuti mukhale. Pa zaka 72 funso lalikulu n'lakuti adzakutungirani madzi ndani, adzakuperekezani kuchipatala ndani, ndipo adzazindikira ndani kuti lero chitseko chanu sichinatsegulidwe. Anthu amenewo ali ku Katete. Ku Sinda si kutali, pitani mukatha kukolola mukakhale mwezi umodzi, mukaone manda a makolo anu, kuti ubale wa kumeneko usazime.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi nsima imene simukuimva kukomayo. Amuna ambiri akaferedwa amafooka msanga chifukwa mkazi ndiye anali wophika, wokumbutsa mankhwala, ndiponso mlatho wofikira kwa anthu ena. Musadye nokha m'nyumba. Uzani ana anu kuti mbale yanu izipita pamene adzukulu aamuna akudyera, ndipo masana funani anzanu apansolo kapena a kumpingo, pakuti pali nkhani zina zimene amazimva ndi munthu amene anaona nawo zaka zomwezo. Adzukuluwo muziwauza mbiri ya agogo awo aakazi, mayina a makolo, ndi tanthauzo la zimene amaona pa Kulamba ku Mkaika mwezi wa Ogasiti, pamene Achewa a m'Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana kwa Kalonga Gawa Undi. Ntchito imeneyi palibe wina angaigwire m'malo mwanu. Koma ngati miyezi ikupita thupi likungotha, tulo osabwera, kapena mwayamba kuganiza kuti kuli bwino mutsatire mnzanuyo, uzani mwana wanu tsiku lomwelo ndipo mupite kuchipatala, chifukwa chisoni chikafika pamenepo chasanduka matenda ofuna chithandizo.

FUNSO: Ndili ndi zaka 68, ndikulera adzukulu anayi amasiye ku Mchini, ndipo ndimagulitsa masamba. Maso anga ayamba kuona ngati kuli chifunga, moti ndalama ndimapatsa mdzukulu kuti andiwerengere. Anzanga akuti ndidontheze madzi a zitsamba. (Agogo aakazi a ku Chipata)

YANKHO: Agogo, m'maso musadonthezemo kanthu kalikonse kamene sikanachokere kuchipatala, chifukwa anthu ambiri aononga maso amene akanachira. Kuona chifunga kobwera pang'onopang'ono popanda ululu kawirikawiri ndi ng'ala, ndipo ng'ala imachotsedwa ndi opaleshoni yaifupi, munthu n'kuyambanso kuona. Koma pali matenda ena a maso, monga obwera ndi shuga, amene akachedwa sabwerera, ndiye musadikire. Yambirani kukiliniki yapafupi kuti akutumizeni kwa oona za maso ku Chipata Central Hospital. Chinanso, boma lili ndi thandizo la ndalama la Social Cash Transfer, limene limaganizira mabanja osauka okhala ndi munthu wokalamba. Chigawo chathu chili ndi mbiri yake pa zimenezi, popeza ku Katete ndi kumene anayesera kupereka ndalama kwa okalamba a zaka 60 kupita m'tsogolo kuyambira 2007. Funsani a komiti ya zachisamaliro m'dera lanu kapena ku ofesi ya Social Welfare kuti dzina lanu aliganizire.

FUNSO: Ndimagwira ntchito ku Lusaka. Amayi anga a zaka 79 ali kumudzi ku Vubwi, ndipo kwa zaka ziwiri akhala akuiwala zinthu. Amasiya mphika pamoto, amafunsa za abambo amene anamwalira kalekale, ndipo amanena kuti mdzukulu amene amagona nawo akuwabera. Mwezi watha anawapeza m'bandakucha pafupi ndi manda asanavale bwino, ndipo anthu ayamba kunong'ona kuti ndi mfiti imene inagwa paulendo. Ndikufuna kuwatenga, koma akukana kwamtuwagalu. Ndichite chiyani? (Mayi wa ku Lusaka)

YANKHO: Mayi, kalata yanu yandikhudza kuposa onse, chifukwa nkhalamba zambiri m'midzi mwathu zamenyedwa, zatenthedwera nyumba, zina kuphedwa kumene, pa chinthu chimene chili matenda. Zimene mwafotokozazi zikufanana kwambiri ndi matenda a ubongo otchedwa dementia, amene mtundu wake wofala kwambiri ndi Alzheimer's. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu oposa 55 miliyoni ali ndi vutoli. Ubongo umaonongeka pang'onopang'ono, zaposachedwa zimayamba kufufutika zakale n'kutsala, ndipo n'chifukwa chake amayi akukumbukira abambo anu koma sakukumbukira pamene aika ndalama. Akaisowa amaganiza kuti yabedwa. Kusokoneza usiku ndi usana, kuyendayenda, ndi kuiwala kuvala ndi zizindikiro zodziwika za matendawa. N'kutheka kuti m'bandakucha umenewo anadzuka poganiza kuti akupita kumunda kapena kumudzi kumene anakulira. Kuiwala dzina n'kulikumbukira pambuyo pake kumachitikira wokalamba aliyense, koma kusochera panjira imene wayendapo zaka 50 si ukalamba wamba.

Choyamba apite kuchipatala, ndipo awaperekeze munthu amene amakhala nawo tsiku ndi tsiku kuti akafotokoze bwino. Dementia ilibe mankhwala ochiritsiratu, komabe kuyezetsa n'kofunika, chifukwa malungo, matenda a m'chikhodzodzo, shuga, kusamva, ngakhale mankhwala ena amene munthu akumwa, zimatha kusokoneza mutu wa nkhalamba kapena kuwonjezera vuto limene lilipo kale, ndipo zimenezo zimachizika. Mukapemphe kuti zimene apeza azilembe m'buku lawo la kuchipatala.

Buku limenelo mupite nalo kwa amfumu. Musadikire kuti manong'onong'o asanduke miyala. Pemphani amfumu kuti aitane akuluakulu a mudzi ndi a mpingo, ngati n'kotheka pakhalenso wazaumoyo wa m'deralo, ndipo matendawa afotokozedwe poyera. Muwakumbutse mwaulemu kuti m'dziko lathu kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu pansi pa lamulo la Witchcraft Act, ndipo ngati wina waopseza amayi, kanenenani kupolisi ku nthambi ya Victim Support Unit. Ndaona kuti anthu omwe ankanong'ona, akamva kuti ndi matenda ndipo akumbutsidwa kuti mayi yemweyu ndiye anawathandiza pobereka kapena kuwaphikira pamaliro, ena amasanduka alonda ake, n'kumamubweza kunyumba akamuona akulowera kutchire.

Za kuwatengera ku Lusaka, ndikumvetsa mtima wanu, koma ganizani kawiri. Munthu wodwala chonchi amatsamira pa zimene anazizolowera: mtengo wa mango wa pakhomo, njira ya kuchitsime, mawu a oyandikana nawo. Mukamuika m'nyumba ya mpanda m'tauni, inu n'kupita kuntchito m'mawa, kusokonezeka kumakula, ndipo akatuluka pageti sangapeze womudziwa. Ngati moyo wawo suli pangozi ndipo pali owasamala, kumudzi ndiye kwabwino pakadali pano. Zikafika poti akuopsezedwa kapena palibe wowayang'anira, atengeni ngakhale akane, koma mubwere nawo ndi munthu amene amuzolowera pamodzi ndi mphasa, bulangeti ndi ziwiya zawo.

Pakhomo pakonzedwe. M'nyumba muzigona munthu wamkulu, pakhale nyali ya sola usiku, ndipo pachitseko amangirepo kabelu kapena chitini cha timiyala choti chizilira akatsegula. Mankhwala a thonje ndi a m'nkhokwe achoke pamene angawafikire, ndipo asaphike okha. M'chovala chawo musokeremo kansalu kolembedwa dzina la mudzi ndi nambala ya foni. Akafunsa za abambo anu musawakalipire kapena kuwauza mobwerezabwereza kuti anamwalira, chifukwa nthawi iliyonse amamva ngati uthenga wamaliro wafika kumene. Afunseni kuti anakumana bwanji, adzakusimbirani mokondwa. Ndipo musawalande ntchito zonse poganiza kuti mukuwachitira chifundo. Manja amakumbukira zimene mutu waiwala. Apatseni mtedza asende, chimanga akonole, nyemba asankhe, ndipo muziimba nawo nyimbo za kutchalitchi zimene anaziphunzira ali mtsikana.

Ndimalize ndi mdzukulu amene akunenedwa kuti ndi wakuba. Simunatchule zaka zake, koma ndikuganiza kuti ndi mtsikana wapasukulu, monga zimakhalira m'mabanja ambiri. Mukafika mukhale naye pansi, mumuuze kuti mukudziwa kuti sanabe ndipo kuti agogo ake akudwala. Asasiye sukulu chifukwa cha ntchito imeneyi. Itanani abale anu onse, aamuna ndi aakazi, mugawane masabata ogona kumudzi ndi ndalama zotumiza pafoni, ndipo ngati pali mayi wapamudzi wokhulupirika amene angamakhale nawo masana, mumulipire mwezi ndi mwezi. Mukabwerako ku Vubwi mundilemberenso, mundiuze zimene achipatala apeza ndi mmene amfumu ailandirira nkhaniyi.